Tasya Adawedza Wakuba ndi Simbi

Inu a pakhomo lachitatu la chinyumba chathu chino, inu mudabwera dzulo kudzadya nane pa tsiku la makumi anayi chimwalirireni mkazi wanga, tamverani. Mudati, "A Prokhor Ilyich, taimani munenepo mawu." Ndidaima. Ndidangoyang'ana tambula ija tidamuikira pambali, yovundikira ndi kabuledi, n'kukhalanso pansi. Ndiye lero ndalemba. Sukulu ndidalekera kalasi yachinayi nkhondo itabwera, musandiseke. Amene ndikulira ndi Taisiya Yegorovna, Tasya wanga. Inu mumamudziwa ngati gogo wa pabenchi wodyetsa nkhunda. Simudziwa kuti nyumba mudadyeramo dzuloyi adachita kutiwombolera ndi simbi.

Mudali mu Disembala 1978, chaka chija ku Mosiko kudazizira mpaka mpheta kumagwa zouma. Tinkakhala ku Bondarny, kamsewu ka kuseri kwa njanji, m'chinyumba chakale cha nsanjika zisanu. Ife pamwamba penipeni. Chipinda chimodzi anthu atatu, mwana wathu Lyuda akugona kuseri kwa kabati, mtsikana wamkulu kale. Khitchini imodzi mabanja asanu. Chimbudzi chimodzi, aliyense ndi thabwa lake lokhalira pa msomali wake. Pa mndandanda wa ofuna nyumba tidakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mwezi umenewo kalata idafika: Januwale mudzatenge makiyi, zipinda ziwiri, ku Bibirevo. Koma m'munsi adalemba kuti banjalo lisakhale ndi mlandu uliwonse.

Mafiriji m'chinyumba chonsecho mudali awiri okha. Ena tonse nyama tinkaika m'kathumba kaukonde, kutulutsa pa kazenera kapamwamba, n'kukoleka pa msomali panja kuti iume ndi chisanu.

Lachiwiri, 4 koloko madzulo. A Klavdia Stepanovna, apampando a komiti ya nyumba, okhala pansi pathu penipeni, abwera kuchokera ku ntchito. Atsegula kazenera. Apisa dzanja panja. Apeza msomali wokha.

"Tsekwe wanga! Mayo ine, tsekwe wanga!"

Mfuu idamveka mpaka ku njanji. Tsekwe ameneyo adamuimira pamzere maola anayi, wa Chaka Chatsopano, ndipo ankayembekezera asewere awo. Sikudali kuba koyamba. Pansanjika yachitatu padasowa kale soseji, kwina batala, kwina nkhuku. Koma enawo adangotukwana n'kukhala chete. A Klavdia sadali munthu wokhala chete.

5 koloko adafika Leftenanti Terekhin, wapolisi wa dera lathu, munthu wa chimfine chosatha. Adayang'ana pansi pabwalo. Pa chipale chofewa phazi la makwerero palibe. Adayang'ana m'mwamba. Adamina.

"Pamwamba panu amakhala ndani, mayi?"

"Sazonov!" adatero a Klavdia. "Msodzi! Ndodo zowedzera zadzaza kuseri kwa chitseko. Ndipo lero sadapite ku ntchito."

Sazonov ndi ine. Ndinkakonza mabasi, tsiku kugwira, tsiku kupuma. Adandipeza m'khitchini, mabanja onse asanu ali pomwepo, aliyense akuvundula mphika wake koma makutu ali kwa ine.

"Bambo Sazonov, ndodozi ndi zanu?"

"Zanga, bwana."

"Yaitaliyi imafika pazenera la m'munsi?"

"Sindidayesepo."

"Nanga bwanji kathumba kanu kokha sikabedwa?"

Pamenepo Tasya adaika chipande pansi. Adali mkazi wamfupi, wosita zovala kochapira kwa boma, mikono ngati ya mwamuna.

"Bwana, tamuyang'anani bwino munthuyu. Zaka makumi awiri ndi zisanu akupita kumtsinje Lamulungu lililonse. Nsomba sadagwirepo ngakhale imodzi."

"Iwe Tasya!"

"Khala chete, nkhalamba, ndikukupulumutsa. Amadzera kusitolo ya pa siteshoni, bwana. Nsomba zake ndi za m'nyanja yamchere. Zina zimabwera zodula kale mutu. Munaonapo nsomba yodya nyambo ilibe mutu? Ndiye munthu wolephera kamatemba angawedze tsekwe? Kathumba kathu sakuba chifukwa ngakhale mbala ili ndi mphuno."

Khitchini yonse idafa nacho chiseko. Ine ndidafuna pansi patang'ambika. Zaka zonsezo ndinkati sadziwa. Amalandira, n'kumati, "Eee, wagwira zonona lero, Prosha."

Terekhin adapukuta misozi, kenako mphuno.

"Mayi, kulephera kuwedza si umboni. Lachisanu 11 koloko ndibwera kudzalemba. Ndikalemba, pepala lina lipita ku ofesi ya nyumba."

Tonse tidadziwa tanthauzo lake. Makiyi apita. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapita. Lyuda adalowa kuseri kwa kabati kukalira. A Klavdia adayamba kuyenda khomo ndi khomo kusainitsa anthu kalata yoti mbala isalandire nyumba.

Lachitatu m'mawa Tasya sadapite ku ntchito. Adavala chikhoti changa, n'kukaima pakati pa bwalo, mutu chagada, ngati munthu wowerenga akhwangwala. Adakhala theka la ola. Adabwera mphuno ili psuu.

"Prosha, bwera uone."

Adandilozera m'mphepete mwa denga. Pamwamba pa khomo lolowera, mikondo ya ayezi ili lende, yaitali ngati munthu, ija ikagwa imapha. Koma pamwamba pa mazenera okhala ndi timatumba, mbee, moyera ngati mometa.

"Amagwetsa ayezi ndani?"

"Fedot."

"Kiyi wa kudenga ali ndi ndani?"

"Fedot."

"Soseji idasowa liti? Chipale chitagwa dzulo lake. Nkhuku? Chimodzimodzi. Tsekwe? Lolemba chidagwa. Chipale chikagwa amakwera ndani?"

Fedot adali wosesa pabwalo, wotumidwa ndi ofesi ya nyumba. Chipale chikagwa ankakwera padenga ndi fosholo ndi ngowe yake yaitali yothyolera ayezi, atadzimanga chingwe m'chiuno, china ku chumuni. Munthu waulemu zedi. Akakumana ndi a Klavdia amavula chipewa. Zenera lathu ngowe sinkafikapo, chifukwa lidabisala kunsi kwa khonde la denga. Si fungo ayi, ngakhale Tasya adakana mpaka kufa.

Masana adapita kwa Terekhin.

"Fedot?" adatero wapolisiyo. "Mayi, chithunzi chake chili pa bolodi la ogwira ntchito bwino. Ndimange munthu chifukwa cha ayezi? Bweretsani umboni."

"Muupeza Lachisanu. Inu mungobwera nthawi yake, ndiphika tiyi."

Lachinayi chipale chidagwa tsiku lonse. Tasya adadzilemba mtanda mobisa. Adapita kwa wogulitsa nyama kumsika, n'kupempha mapazi awiri a tsekwe, aja amataya. Adatenga simbi yake yakale yamakala, ya malemu amayi ake, yolemera ngati mwana wa chaka. Adaikulunga ndi thaulo, pamwamba nyuzipepala, mapazi aja atatulukira kunja. Ukaona umachita kumeza malovu. Kenako adatsika kukagogoda kwa a Klavdia.

"Mkazi wa mbala, ukufuna chiyani?"

"Msomali wanu, a Klavdia Stepanovna. Mawa lokha."

"Kuti mwamuna wako aziyeserera?"

"Mwamuna wanga akhala ndi wapolisi. Chikapanda kuchitika kanthu, masitepe onse ndikolopa ine m'malo mwanu mpaka Pasaka."

A Klavdia adaganiza. Masitepe a nsanjika zisanu, nyengo ya matope.

"Mpaka Meyi."

"Mpaka Meyi."

Adakoleka kathumba. Ku kathumbako Tasya adamangako chingwe choyanikira zovala, n'kuchilowetsa m'chipinda cha a Klavdia, n'kuchizengereza katatu ku paipi yotenthetsa nyumba. Adasiya chingwe cholendewera pang'ono kuti nyama iyambe yakwera.

Lachisanu, 11 koloko. Terekhin wakhala patebulo pathu, pafupi ndi zenera, mapepala patsogolo. Tasya wamuthirira tiyi, wamuikira jamu wa matcheri. Iye adayamba kundifunsa.

"Dzina la bambo anu?"

"Ilya."

Kudenga kudamveka khwee, khwee. Fosholo. Tasya adawonjezera jamu.

"Idyani, bwana, ndi mankhwala a chimfine."

"Tsiku lobadwa?"

Fosholo idaleka. Zii. Kenako pa zenera padatsika ndodo, pang'onopang'ono, ngowe ili kunsonga. Idadutsa pamphuno pa Terekhin penipeni, kuseri kwa galasi. Iye maso ali papepala.

"Mukuvomera kuti Lachiwiri mudali pakhomo?"

"Bwana," ndidanong'ona, "taonani kumanzere."

Ndodo idayamba kukwera, itapindika ndi kulemera. Kumwamba tidamva mawu: "Ohoo! Uyu ndiye wonenepa!" Mapazi a tsekwe adatulukira m'munsi mwa zenera lathu, n'kuima pomwepo. Chingwe chatha. Wa kumwamba adakoka. Osasuntha. Adakokanso, akutukwana amake a tsekweyo. Kachitatu adakoka ndi mphamvu zonse, ndipo denga lidali loterera.

Tidamva gududu. Chipale chidakhuthuka ngati ufa. Chitatha, pazenera padali nkhope ya Fedot, mutu pansi miyendo m'mwamba, akuzungulira pa chingwe chake ngati nyama ya pabutchala. M'chikhoti mwake mudayamba kugwa zinthu. Soseji. Batala. Kankhuku ka munthu wa pakhomo lachiwiri.

Simbi ija idabwerera pansi, n'kukaswa zenera la a Klavdia. Phwaa! Mfuu ina.

Terekhin adaika kapu pansi bwinobwino. Adatsegula kazenera.

"Mwadzuka bwanji, a Fedot?"

"Tadzuka, bwana. Ndi... ndimagwetsa ayezi."

"Ayezi wa mapazi?"

"Ndikokereni m'kati, bwana, magazi adzaza m'mutu!"

"Tsekwe wa Lachiwiri ali kuti?"

"Kudenga, kuseri kwa chumuni! Theka lilipo! Ndikokeni!"

Pakazenera munthu sangalowe, ndipo mazenera aakulu tidamata ndi mapepala chifukwa cha chisanu. Tasya adachita kudula mapepalawo ndi mpeni. Ine ndidatenga ndodo yanga yaitali ija, n'kumukola pa lamba, n'kumukokera pafupi. Titamugwetsera pansi m'chipinda, Tasya adandisisita paphewa.

"Lembani, bwana. Lero mwamuna wanga wagwira yoyamba. Ndipo ili ndi mutu."

Kudenga adakapeza timatumba khumi ndi kamodzi titakolekedwa pa mitanda. Fedot adatsika masitepe ali ndi unyolo, anthu ali m'makomo. Atafika pa a Klavdia adafuna kuvula chipewa, manja osafika. Khoti lidamupatsa chaka chimodzi ndi theka. Chithunzi chake adachichotsa pa bolodi tsiku lomwelo.

A Klavdia sadapepese. Adabwera madzulo ndi kalata yosainitsa ija, n'kuiponya mu mbaula pamaso pathu, n'kuti, "Galasi langa ugula iwe." Tasya adati, "Ndigula. Koma masitepe ndi anu mpaka Meyi, ife tikusamuka." Pa Chaka Chatsopano adatitumizira phiko la tsekwe uja. Fedot adali atalumako kale.

Makiyi tidalandira pa 15 Januwale. Tasya atalowa muno sadayang'ane zipinda. Adathamangira kuchimbudzi, adakhala ola lathunthu, akuimba. Palibe adagogoda. Atatuluka adati, "Prosha, thabwa lija usakhome msomali. Lizikhala pamalo pake."

Lamulungu lotsatira ndidachita manyazi kupita kumtsinje. Iye adandipatsa yekha ndodo ndi chipewa. Ndidabwera ndi nsomba ziwiri za kusitolo. Adazitembenuza, adanunkhiza, n'kuti, "Eee, wagwira zonona lero." Adatero mpaka mwezi wathawu, ali pabedi, supu yake osathanso kumeza.

Firiji tili nayo, Lyuda adatigulira yaikulu ngati chitseko. Koma Tasya chisanu chikayamba ankakolekabe kathumba panja. Mukayang'ana pansanjika yachisanu ndi chiwiri mukaona, kalipo. Adakoleka yekha asanadwale. A komiti yatsopano akuti kakunyansitsa nyumba, ndichotse. Sindichotsa.

Ine masiku anga atha, Lyuda ali kutali. Ndiye ndakupemphani, inu a pakhomo lachitatu. Mukamadutsa pabwalo muzikweza maso. Ana akafunsa kuti kathumba kaja n'ka ndani, musamati n'ka gogo wa nkhunda. Muzitchula dzina lonse, Taisiya Yegorovna. Muziwauza za simbi. Za nsomba zopanda mutu, kaya, muziwauzanso. Iye akadaseka.