Makandulo Pansi pa Kabokosi

Jagoda atafika kuchokera kusukulu anakumana ndi amayi ake pakhomo akumanga mpango m'khosi, akuthamangira kuntchito ku bekale.

"Witek thupi latenthanso. Um'mwetse mankhwala, ndipo usamusiye yekha," anatero amayiwo. "Wokonza boyila yotenthetsa nyumba uja akuti sabata ino watanganidwa."

Jagoda anangogwedeza mutu. Anakwera masitepe n'kusuzumira m'chipinda cha mlongo wake wamng'onoyo. Witek anali m'mabulangete atavala jekete ndi chipewa, akutsokomola. Radiyeta ya pansi pa windo, yomwe imayenera kufunditsa chipindacho, inali yozizira ngati mwala. Mtsikanayo anam'mwetsa mankhwala, n'kutsika.

Chakudza sichiimba ng'oma. Bambo awo, a Zenon, anagwa pantchito m'mawa wina chisanu chitangoyamba, ndipo sanadzukenso. Kuyambira tsiku la maliro Jagoda sankamva kalikonse. Sankalira, sankakwiya, ngakhale njala sankaimva. Anzake akamaseka m'kalasi ankangowayang'ana ngati anthu a pa TV yozimitsa mawu. Ntchito imodzi yokha ndi imene ankaigwira mokhulupirika. Pabalaza, pa shelefu yomwe panali chithunzi cha bambo ake, anandandalikapo makandulo a m'magalasi, aja amayika kumanda, oyaka usana ndi usiku. Ina ikatha ankayatsa ina. Ankatseka chitseko, n'kukhala pampando atafunda chikhoti cha malemuwo mpaka amayi ake kubwera.

Tsiku limenelo anachitanso chimodzimodzi. Chifuwa cha Witek chinkamveka kudzera kudenga, koma kwa Jagoda chinali ngati cha mwana wa kunyumba ina.

Belu linalira. Anali azakhali ake a Halina, mlongo wa a Zenon, mayi wojintcha amene kukhala chete ankakuona ngati matenda. Anasasa chipale chofewa kunsapato n'kumupatsa poto wa supu wa bitiruti.

"Kodi muno ndi m'nyumba kapena mufiriji? Mwayamba kusunga nyama?" anafunsa. "Mwana ali kuti?"

"Ali m'mwamba."

"Nanga iwe?"

"Ndili pabalaza."

Azakhaliwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anakwera m'mwamba, ndipo potsika nthabwala zinali zitawathera.

"Mwana uja akupuma moliza mluzu. Akagonanso m'chisanu chimenechi, mawa tikam'goneka kuchipatala. Tiye ukandiunikire kuboyila."

Anatsikira kuchipinda chapansi pa nthaka. Jagoda anagwira tochi kwinaku azakhali ake akuwerama mobuula. Kanyale kobiriwira kankayaka. Muvi woonetsa mphamvu ya madzi unali pamalo pake, gasi anali wotsegula, mapaipi sankadontha.

"Ine si wokonza, koma ndili ndi yonga imeneyi kwathu, anandiikira bambo ako omwewa," anatero a Halina. "Boyila iyi siikudwala ayi. Yangokhala, ikudikira kuti iuzidwe. Imeneyi ndi ngati amuna anga, popanda kuituma siidzuka. Kabokosi koyeza kutentha kaja anakamanga kuti?"

"Pabalaza."

Atatsegula chitseko cha pabalaza, fungo la phula linawalandira. A Halina anaima. Anayang'ana chithunzi cha mlongo wawo, kenako makandulo, kenako kabokosi koyera kamene kanali pakhoma pamwamba penipeni pa malawi. Pulasitiki yake inali itayamba kuchita chikasu. Anaikapo dzanja n'kulichotsa msanga.

"Mwana wa mchimwene wanga, bwera udzagwire."

Jagoda anagwira. Kanali kotentha.

"Kameneka n'kopusa," anatero azakhaliwo motsitsa mawu. "Sikadziwa kuti m'mwamba muli mwana. Kamangomva mpweya umene uli pafupi nako basi. Kakamva kuzizira kamauza boyila kuti iyake, madzi otentha azungulire m'maradiyeta. Kakamva kutentha kamati zimitsa, aliyense wafunda. Ndiye iwe wakhala ukukawotcha usana ndi usiku. Kakuganiza kuti kunja kuli dzuwa."

Jagoda anamva mawu onsewo, koma anatenga nthawi kuti afike mumtima. Witek anatsokomolanso, nthawi yayitali, mpaka kumveka ngati akutsamwa.

"Makandulowa ndiwasunthira pawindo," anatero a Halina akutambasula dzanja.

"Musawagwire." Mawu a Jagoda anatuluka ouma. "Sanazimepo chiikireni adadi m'manda."

Azakhaliwo anabweza dzanja. Maso awo anali atafiira. "Zenon anali mlongo wanga iwe usanabadwe. Nanenso ndimayatsa yanga. Koma iye sakumvanso chisanu, mwanawe. Amene akuchimva ali m'mwambamu." Anatola poto wa supu uja n'kupita kukhitchini, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Jagoda anatsala yekha. Anayesa kunyamula galasi limodzi, linamuwotcha zala. Ena anali atamatirira pa shelefu chifukwa cha phula. Panalibe zosuntha. Anayang'ana nkhope ya bambo ake, ija yomwetulira mbali imodzi, ndipo anachita manyazi. Chinali chinthu choyamba kuchimva chichitikire maliro, ndipo chinamupweteka kwambiri.

Anawerama n'kuuzira kandulo yoyamba. Kenako yachiwiri. Anapitiriza mpaka yomaliza, utsi n'kukwera pang'onopang'ono kutsogolo kwa chithunzi. Anatsegula windo kuti mphepo ya kunja ilowe, n'kuima pakati pa chipinda akunjenjemera.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako kabokosi kaja kanati tche. Pansi pa nyumba boyila inayamba kulilima, ndipo posakhalitsa mapaipi anayamba kugogoda m'makoma, madzi otentha akukwera.

Jagoda anatseka windo, anavula chikhoti chija n'kukwera nacho masitepe. Anapeza Witek atadzutsa mutu, akumvetsera, maso ali mbee. Bambo awo akaweruka, asanavule n'komwe nsapato, ankayamba akweza kutentha pa kabokosi kaja, choncho kwa mwanayo kugogoda kwa mapaipi kunali ndi tanthauzo limodzi lokha.

"Jagoda, adadi abwera?"

Mtsikanayo anakhala pabedi n'kumufunditsa chikhoticho. Anagwira radiyeta, inali itayamba kufunda m'munsi. Kenako anatembenukira kwa mwanayo.

"Ayi, Witek. Sabweranso. Ndine ndayatsa."

Mwanayo anamuyang'ana. Kenako anasendera kukhoma kuti amupatse malo.

"Ndiye usapite pabalaza," anatero.

"Sindipita."