Dzina Losowa pa Mwala wa Malvinas

Nicanor Ojeda anachoka pabwalo la chikumbutso pakati pa usiku, mwambo usanathe. Chaka chilichonse, usiku wolowera pa 2 Epulo, anthu a m'tauni yawo ku Corrientes amachezera pa mwala wolembedwa mayina a anyamata amene anafera kunkhondo ya kuzilumba za Malvinas. Wina amaitana dzina, khamu n'kuyankha kuti, "Alipo!" Mayina khumi ndi awiri. La bambo ake, a Hilario, panalibe.

Iwo anabwerako amoyo kunkhondoko. Anakhala zaka makumi atatu akubwebweta kutulo, kenako mwezi wa Febuluwale anadzimangirira m'khola la hatchi. Nicanor anasiya koleji kudzawaika m'manda, osabwererakonso. Usiku umenewu anali atapempha a Evaristo, mkulu wa asilikali akale, kuti dzinalo alitchuleko, ngakhale pamapeto penipeni.

"Mwana wanga, mwalawu ndi wa amene anagwera kuzilumba," anatero a Evaristo, akumupatsira chikho cha tiyi wotchedwa mate. "Lamuloli si langa."

"Ndiye akanafa msanga kuti muwaombere m'manja?"

Chikhocho sanachilandire. Anangotembenuka, ulendo.

Njira ya kwawo inkadzera pa mlatho wamatabwa, kuseri kwa fakitale yakale ya thonje. Kunkatentha. Udzudzu unali ponseponse, achule akulira m'dambo ngati alipidwa. Atafika pakati pa mlathowo, achule aja anangoti zii.

Kenako kuzizira. Kuzizira kolowa mpaka m'mano...

Panali munthu atatsamira mtanda wa mlatho. Mnyamata wocheperako kwa iye, atavala chijasi chobiriwira chom'kulira, chikudontha madzi. Nsapato zili matope akuda okhaokha. Pakamwa pakutuluka nthunzi.

"Achimwene, muli ndi kodya? Ngakhale kachidutswa."

Nicanor anapisa m'thumba n'kutulutsa kabanzi ka chinangwa kamene anagula pabwalo paja. Zala za mnyamatayo zitam'khudza... madzi oundana enieni! Zinali zakuda, zopanda zikhadabo.

Anadya mwaphuma, akutola ndi nyenyeswa zomwe. Kenako anam'yang'anitsitsa.

"Ndiwe wa Hilario iwe. Kayendedwe komweko, ngati bakha."

Tsitsi linachita nyaunyau. Nicanor anafuna kubwerera m'mbuyo. Koma anangoima pomwepo.

"Mu... munkawadziwa?"

"Galu ameneyo anandibera sokosi. Zaka makumi atatu ndikum'dikira, mapazi ali pamtunda!" Anaseka, koma kusekako kunalibe mawu. "Usavutike ndi za mwala, mphwanga. Kwathunso timaitana mayina. Lero laitanidwa la Hilario. Wayankha yekha."

Kutali, kubwalo kuja, lipenga linalira. Mnyamatayo anawongoka ngati nsungwi, nakonza chijasi chake.

"Ukawauze mayi ako kuti Cipriano wati za sokosi zatha."

Nicanor anaphethira. Pamtanda panalibe munthu. Pamatabwa pokha panali ponyowa, ndipo pansi pa mlatho panalibe phokoso la chinthu chogwa... Achule anayambiranso onse pamodzi!

Anathawa liwiro la mtondo wadooka.

Anapeza mayi ake, a Rufina, akadali maso kukhitchini, wailesi ikulira motsitsa. Anawauza zonse ali wefuwefu. Atafika pa sokosi, mayiwo anazimitsa wailesi n'kukhala pansi.

"Nkhani imeneyo bambo ako anauza ine ndekha, kamodzi, tisanakwatirane," anatero. "Cipriano Maidana anafa mu Juni 1982, m'dzenje limodzi ndi iwo. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Thupi lisanazizire n'komwe, bambo ako anam'vula sokosi kuti mapazi awo asaume ndi chisanu. Mapaziwo anapulumuka. Mtima wawo ndi umene sunachire."

Kenako anayang'ana mwana wawoyo.

"Banzilo wadya?"

"Wadya lonse, amayi."

"Chabwino. Anafa ndi njala mwana ameneyo. Nanga bambo ako, wati bwanji?"

"Wati awaitana dzina, ndipo ayankha okha."

A Rufina anapukuta maso ndi nsonga ya epuloni, nanyamuka kukateleka madzi.

"Ndiye a Evaristo akhale nawo mwala wawowo."