Manda Osuntha pa Mapu a ku Lilayi

Towela anaona zachilendozo Lachiwiri m'mawa, atangoyatsa kompyuta mu ofesi ya kampani yoyeza malo, pakati pa tauni ya Lusaka. Madontho makumi awiri ndi atatu osonyeza manda akale a ku Lilayi sanali pomwe anawasiya.

Ntchito yake inali yolumikiza pulogalamu yojambulira mapu ndi detabesi, nkhokwe yosungiramo malo onse omwe kampaniyo inayezapo. Sabata yapitayo, pofuna kuweruka msanga, anathiramo mapu akale osayamba wawakonza kuti agwirizane ndi kayezedwe kamakono. Kuthamanga sikufika. Chilichonse chinasendera mamita mazana atatu, ndipo katapila anakumba pomwe mapu ankati ndi poyera, chonsecho pansipo panagona anthu. Towela anazindikira kulakwa kwake, koma anatseka pakamwa, poti ntchito ku Lusaka satola pamsewu.

Anawabwezera madonthowo m'malo mwake. Lachitatu anawapeza atandanda ngati anthu opita kumaliro, akulowera kumpoto. Detabesi inkati asunthidwa cha m'ma thu koloko usiku, koma pa dzina la wosunthayo panalibe kanthu.

Usiku womwewo Muriel, mwana wake yekhayo wa zaka zisanu ndi chimodzi, anatentha thupi kunyumba kwawo ku Kabwata. Kuchipatala sanapeze malungo kapena china chilichonse. Magetsi atazima, mdima unadzaza m'chipinda mpaka munthu osaona chikhatho chake, ndipo agalu a m'deralo, omwe amauwa ngakhale pepala louluka, anangoti zii. Kunja kunkamveka kukhwekhwereza kwapansipansi, ngati mapazi otopa pa dothi louma.

"Mami," mwanayo ananong'ona, maso ali chitsinzire, "balema kuyenda."

Towela anachita mantha oti sanawamvepo chibadwire. Lachinayi anazula waya wolumikiza kompyuta ndi detabesi, ngati kuti akufa amayendera waya. Lachisanu atalumikizanso, madontho anali atafika ku Chilenje, khomo ndi khomo ndi Kabwata.

Madzulo a tsikulo anadikira kuti anzake onse aweruke, kenaka anaitana a Oswell, woyeza malo wamkulu pakampanipo.

"Ba Oswell, ndine ninalakwisa. Sininachinje ma map yakudala. Katapila inapita pa manda."

Mkuluyo anavula magalasi pang'onopang'ono, natsitsa mawu. "Iwe mwana, sembe unakamba kudala. Ma guard bonse ku site bathaba. Bakamba ati usiku bamvela bantu bafunsana njila."

"Manje nizachita bwanji? Nizababweza, ba Oswell, nizapepesa."

A Oswell ankayang'ana pa kompyuta, pomwe madontho aja, dzuwa litangolowa kumene, anali atasiya kundanda. Anali atazungulira nyumba imodzi ku Kabwata, ndipo Towela sanafunike kuwerenga nambala yake.

Anaimbira mng'ono wake Tryness, yemwe ankadwazika mwanayo. Foni inaitana nthawi yaitali. Woyankha anali Muriel, mawu ake ali bwinobwino ngati sanadwalepo.

"Mami, balendo bafika. Bakuti imwe ndimwe muziba pamene bazagona."

"Muriel, usasegule chitseko! Patsa foni aunt bako!"

"Nasegula kudala, mami."

Foni inaduka. Pakati pa madontho makumi awiri ndi atatu aja panatulukira lina, laling'ono.