Tsiku Lomasula Mabandeji a Lorna

Yolanda Baptiste anaima pa siteji ya basi ku Flatbush akuyankhula yekha ngati wozungulira mutu. Mphepo ya m'mawa inkaluma makutu, koma iye analibe nazo ntchito. Ankapita kukayesedwa ngati angatenge mbali ya Lorna mu sewero la pa TV la masana lija, Banja la a Pemberton.

"Ukatuluka pakhomo pano, Victor, usadzabwerenso, chifukwa..." Mawu otsatira anamuthawa.

"Chifukwa ukadzabwera, ndidzakutsekulira," wina anamalizitsa kumbuyo kwake.

Anacheuka. Mnyamata wamtali, kapu ya khofi ili m'manja, akumwetulira mopanda manyazi.

"Inu mwawadziwa bwanji mawu amenewa?"

"Ndinawalemba ndine, achemwali. Ndine Desmond Whitlock. Mukakawanena ndi maso amenewo, ntchito mwaipeza kale."

"Atsikana onse a pa siteji mumawauza choncho?"

"Okhawo ondiiwalitsa basi. Yadutsa ija inali yanga."

Ntchito anaipezadi. Koma mtima anausiya pa siteji pomwepo, m'manja mwa munthu amene ankadyera kulemba mawu okoma. Abale, mtsikana wanzeru ngati Yolanda osaganizako zimenezo?

Amayi ake, a Mireille, ankayang'anira shopu yochapira zovala ndi makina. Pamwamba pa makinawo panali TV, ndipo ikakwana thuu koloko palibe ankaloledwa kuyigwira. Chingerezi chomwe ankayankhula anachiphunzirira pa sewero lomweli atangofika kuchokera ku Haiti. Tsopano mwana wawo weniweni anali m'kati mwake! Makasitomala anatopa nako kuuzidwa.

Tsiku limene Desmond anabwera kudzaonekera, anadya mpunga wa nyemba ndi nkhumba yokazinga mpaka kunyambita zala.

"Amayi, shopu yanuyi ndiye kwawo kwa sewero lathu," anatero. "Masewero amenewa anayambira pa wailesi ku Chicago, agogo athu ali atsikana. Ankalipira ndi a makampani a sopo, kuti azimayi akamachapa azimvera, akatha kulira akagule sopo. Lero akutionera ku Italy, ku South Africa, kwanu ku Haiti komwe."

"Ndiye iwe ntchito yako ndi yoliza akazi?"

"Lolemba mpaka Lachisanu, amayi. Loweruka ndi Lamlungu ndimaseketsa mmodzi yekha."

A Mireille anaseka mpaka kutsamwa. Anamuwonjezera nkhumba.

Foni ya Yolanda sinkapuma. "Duwa langa, lero ndalembera Lorna misozi, koma iwe ndakusungira kuseka." Pena: "Bebi, kamera imakuona theka. Zonse ndimaziona ndine." Yolanda ankawerenga mobwereza mpaka kuloweza, ngati mawu a sewero.

Chaka chitatha, ali mu paki Loweruka masana, Desmond anamugwira dzanja.

"Watopa, mtima wanga. Sewero tsiku ndi tsiku, wasanduka mafupa okhaokha. Ndakukonzera tchuthi. Lorna achita ngozi ya galimoto, agona chikomokere, nkhope yonse mabandeji."

"Ndiye ndizikagona pabedi osayankhula?"

"Iwe ayi! Aliyense atha kugonapo, nkhope sioneka. Iwe upume kwa amayi. Tikadzafika pomasula mabandeji ndidzakuitana, dziko lonse lidzaone nkhope yako. Madzulo ake ndidzagwada pamaso pa amayi ako ndi mphete. Ndikulonjeza."

Yolanda analira ndi chimwemwe. Koma a Mireille atamva, anasiya kupinda mashiti.

"Mabandeji? Mwana wanga, sewero ili ndalionera usanabadwe. Munthu akalowa m'mabandeji satulukamo yemweyo."

"Amayi inunso! Wolembayo ndi mkamwini wanu."

"Ndangonena."

Miyezi inadutsa. Yolanda ankathandiza mu shopu, masana n'kumaonera munthu wosamudziwa atagona pabedi la Lorna. Desmond ankabwerabe Lamlungu kudzadya, mauthenga osaphonya. "Tatsala pang'ono, mfumukazi yanga. Mwezi wamawa tijambula kudzuka kwako. Lachisanu lino uonere, Lorna agwedeza chala."

Lachisanu shopu inadzaza, ena opanda n'chochapa chomwe. Lorna anagwedezadi chala. Azimayi anakuwa. Kenako dokotala wa mu seweromo anatenga sizasi.

"Athera pomwepo," Yolanda anawauza akuseka. "Nkhope sitinajambule. Atisiya m'malere mpaka Lolemba, mukuwadziwa."

Koma sizasi inapitirira kudula. Bandeji yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa. Pansi pake panatuluka nkhope ya mtsikana wina, wa maso akuluakulu, akuphethira mokongola. Mawu a mwamuna wosaoneka anamveka modekha, monga amachitira nthawi zonse akasintha wosewera: "Kuyambira lero, mbali ya Lorna aziisewera ndi Candace Merriweather."

Azimayi onse anatembenukira kwa Yolanda. Makina okha ndi amene ankazungulira.

Yolanda ankaidziwa ntchitoyi: zimene anthu amaonera lero zimakhala zitajambulidwa mwezi wathawo. Ndiye kuti masiku onse a Lamlungu aja Desmond ankanyambita zala patebulo la amayi ake, nkhope ya mtsikanayu inali kale mu kamera! Munthu angameze bwanji chakudya ali ndi bodza lotere pakhosi?

Anakwera sitima ndi epuloni ya mu shopu. Pa geti la situdiyo khadi lake linakana kutsekula. Mlonda, amene kale ankamupatsa moni wa "Lorna wathu", anayang'ana kumbali.

Anadikira panja mpaka nthawi yoweruka. Desmond anatuluka atanyamula chikwama cha mkazi, mwini chikwamayo atamukolowekera dzanja. Anali yemwe uja wa maso akuluakulu.

"Yolanda! Bwanji osaimba kaye?"

"Ndiimbe? Ndimve kwa iwe kapena kwa munthu wa pa TV uja?"

Candace anamuyandikira ndi nkhope yachisoni chenicheni. "Asisi, ndinu Yolanda? Pepani kwambiri ndi matenda a amayi. Desmond anandiuza kuti munasiya nokha ntchito kuti mukawadwazike. Akupezako bwanji?"

"Amayi anga?" Yolanda anaseka kuseka kowawa. "Ali bwino moti Lamlungu anamuphikira nkhumba bwenzi lanuli. Anawonjezera kawiri."

Candace anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono.

"Tamvera, bebi," Desmond anatsitsa mawu. "Mabwana anafuna nkhope yatsopano, oonera akuchepa. Ine ndikanatani? Lorna waseweredwa ndi akazi ambiri chiyambire pa wailesi. Lorna safa, amene amasinthidwa ndi osewera. Si za iwe ndi ine zimenezi."

"Nanga chikwamacho? Anakunyamulitsanso ndi mabwana?"

Desmond anayang'ana chikwama chija ngati wachiona kumene.

"Ndimafuna ndikuuze pa nthawi yabwino."

"Iwe nthawi yako yabwino ndi Lachisanu, anthu atadzaza. Unandigoneka miyezi yonseyi, Desmond. Amene anali chikomokere ndine, osati Lorna!"

"Usatero. Ku Italy ali m'mbuyo chaka chathunthu, kumeneko udakali Lorna. Nkhope yako ipitirira kuoneka..."

"Pita ukandikwatire ku Italy komweko!"

Anatembenuka misozi isanagwe. Sanafune kuti munthu ameneyu aione, angakailembe Lolemba.

Loweruka ndi Lamlungu sanatuluke m'chipinda. A Mireille anatukwana m'zilankhulo zonse zomwe ankazidziwa. Anazula waya wa TV ija pamaso pa makasitomala.

"Mu shopu muno sewero la mbava limenelo silidzaonekanso! Ofuna akaonere kwawo! Mwana wanga si bandeji yoti avule n'kutaya!"

Zimenezo zinamutonthoza Yolanda kuposa china chilichonse. Mwamuna wapita, ntchito yapita, koma amayi ake anali mbali yake.

Lolemba masana anadzikakamiza kudzuka, nasamba, natsika kukathandiza kupinda zovala. Mu shopu munalibe phokoso la masiku onse. Azimayi anaunjikana pakona, misana atalozetsa kukhomo. TV inali yoyaka, mawu atatsitsa kwambiri. Pa galasipo Victor anali atagwada pambali pa bedi, akupsompsona dzanja la Lorna watsopano.

Kutsogolo kwa onse kunali a Mireille, thaulo lili pakamwa, maso atanyowa.

"Amayi?"

Anadzidzimuka. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana TV, manyazi atawagwira. Koma dzanja silinapite pa waya.

"Mwana wanga, usandione choncho," ananong'ona. "Desmond ndi galu, zimenezo sindikubweza. Koma Lorna wavutika zaka zambiri. Ndingoona ngati Victor amukwatire."