Chidindo cha Bambo Pakhosi pa Chopa

Kwathu sitinali olemera, koma nyumba yathu inali yamtendere. Kutsogolo kunali galaja ya Bambo, kumbuyo zipinda zomwe tinkagonamo, pakati kakhonde komwe Mayi ankayanika maovololo. M'mawa uliwonse tisanatsegule galaja, Bambo ankavula chipewa, tonse atatu n'kupemphera titaimirira pakati pa njinga zamoto za anthu. Ine ndinali mwana mmodzi yekha. Ankanditcha Phuma, chifukwa chilichonse chomwe ndayamba lero ndinkafuna chikanatha dzulo.

Bambo anali mmisiri wowotcherera zitsulo za njinga zamoto. M'thumba la ovololo yawo munkakhala kachitsulo kotalika ngati chala, kosemedwa kumapeto ngati phazi la nkhuku. Chimenecho ndiye chinali chidindo chawo. Akawotcherera felemu yothyoka, ankaidikira izizire, kenako n'kuigogoda ndi hamala katatu, khutu lili pafupi. Ikalira bwino, ankaika kachitsulo kaja pambali pa msoko wowotchererawo n'kumenya kamodzi, kho! Anthu ogula njinga yakale ankayamba kufunafuna kaphazi ka nkhukuko asanayang'ane n'komwe injini.

"Zaka makumi atatu," ankatero Bambo, "palibe chomwe ndinadinda chinathyokapo. Chidindochi sichinanamepo."

Ntchito ndinkaidziwa ndithu, apa ndisadzichepetse mwabodza. Koma kukonza tinjinga ta anthu opita kuntchito kunkanditopetsa. Mtima wanga unali pa chopa. Ngati simunaionepo, chopa ndi njinga yamoto yodulidwa n'kutalikitsidwa: tayala lakutsogolo limapita kutali, chiwongolero m'mwamba, mpando pansi, wokwerapo amakhala chogonera ngati bwana. Ndinapeza njinga yaliwiro, zija zampikisano, itaphwanyika pangozi. Ndinachotsamo injini, matayala ndi mabuleki. Felemu yake ndinaidula pakhosi, pomwe pamalowa mafoloko ogwira tayala lakutsogolo, ndi kulumikizapo paipi kuti italike.

Masabata awiri okha, chopa yatha. Msoko wapakhosi ndinaupala ndi gilayinda, makina opalira zitsulo, mpaka kusalala, ndinamatapo fila, phala lija amatsekera nalo maenje pagalimoto, kenako penti yofiira pamwamba. Inali yokongola, abale, ngakhale lero ndimavomera. Ndinaikankhira kwa Bambo ndikudzimva.

Iwo anaizungulira kamodzi.

"Msoko uli kuti?"

"Uli kunsi kwa penti, Bambo. Chopa siyenera kuoneka zipsera."

"Mkati mwa paipi waikamo chitsulo cholimbitsa?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mwanawe, paipi za njinga zimenezi ndi zopyapyala. Ukatalikitsa khosi, kulemera konse kumathera pomwepo. Ndiye iwe wamangirira injini yolusa chonchi, msoko waupala mpaka watsala ngati chikhadabo. Munthu akwere pamenepa?"

Anatenga mpeni n'kupala penti yanga yofiira ija. Anagogoda kamodzi, kawiri. Kachitatu chitsulo chinalira ngati mbale yong'aluka, ndipo pamsoko panaoneka kamng'alu ngati tsitsi.

"Iyi sindidinda," anatero. "Idule uyambenso. Ndikuthandiza."

M'galajamo munali makasitomala awiri, ndipo mmodzi anaseka. Mawu akuti "ndikuthandiza" sindinawamve ayi, ndinangomva kusekako. Tsiku lomwelo ndinalonga zovala m'chikwama. Mayi anandipeza pakakhonde paja, manja ali thovu lokhalokha.

"Phuma, bambo ako sanakunyoze. Akupulumutsa kuchinthu chomwe iwe sukuchiona. Khala pansi, mtima utsike."

"Ndatopa kukhala kamwana m'galaja muno, Mayi."

"Kumene ukupitako akakuuza kuti ndiwe katswiri. Wokuuza kuti walakwitsa ukamusowa, mwana wanga."

Ndinatuluka osatembenuka.

Kuseri kwa malo ogulitsa zitsulo zakutha kunali shedi ya mkulu wina yemwe tinkamutcha Magalasi, chifukwa magalasi akuda sankawavula ngakhale kukugwa mvula. Iyeyu ndi amene ankandipezera zida za njinga zangozi. Anandilandira ndi manja awiri.

"Aise, mdala wako ndi wachikale. Anthu amagula ndi maso. Iwe ingopanga zonyezimira, ogula ndiwabweretsa ine."

M'miyezi iwiri tinamanga machopa atatu. Zoika chitsulo mkati mwa paipi zinkadya nthawi, ndiye tinkangowotcherera pamwamba, kupala, fila, penti, basi. Anthu ankabwera ndithu. Ankakhalapo, kujambulitsa, kuliza injini mpaka malata a shedi kunjenjemera. Kenako aliyense ankayendetsa chala pakhosi pa felemu n'kufunsa kuti wawotcherera ndani. Akamva, ankati abweranso mawa, mawa lake losafika.

Ine ndinkagona m'kachipinda kalendi momwe munali matiresi, kapu imodzi ndi chipewa chanjinga chopachika pamsomali. Ndinkadya ndekha nditayang'ana khoma. M'mawa ndinkadzidzimuka pa nthawi ya pemphero ija, koma panalibe woti ndiime naye. Ndinkawasowa makolo anga koopsa, komabe kunyada kunandigwira miyendo.

Tsiku lina Magalasi anakhala pa chopa yabuluu n'kundiyang'ana.

"Vuto lathu ndi limodzi, mphwanga. Kaphazi ka nkhuku kaja."

"Bambo sangadinde zimenezi."

"Ndani wati adinde iwo? Iwe suli mwana wawo? Cha bambo ako ndi chako chomwe. Sukuba ayi, ukungobwereka kwa ola limodzi."

"Adzadziwa."

"Adziwe bwanji? Chitsulo chimayankhula?"

Ndinakana tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri sindinakanenso. Lamlungu m'mawa, mabelu a tchalitchi atasiya kulira, ndinali pakhomo pathu. Kiyi anali pomwe ankakhala nthawi zonse, pansi pa chitini cha maluwa a Mayi. Ovololo ya Bambo inali pamsomali wake. Nditapisa dzanja m'thumba ndinamva fungo lawo, la utsi wa chitsulo ndi sopo. Pamenepo mpata wobwerera unalipo. Sindinabwerere. Ndinathamangira kushedi, ndinaika kachitsulo kaja pakhosi pa chopa yabuluu, kho! Mapemphero asanathe chidindo chinali chitabwerera m'thumba mwake.

Wogula anabwera Lachitatu. Anali Aphunzitsi, omwe anandiphunzitsa kulemba ndili wamng'ono, omwenso kwa zaka zambiri ankakonzetsa njinga yawo kwa Bambo.

"Phuma! Ndinamva kuti ukumanga zodabwitsa. Njinga yotere ndakhala ndikuilakalaka kuyambira ndili mnyamata, akunyumba amandiseka nazo."

Anawerama, anayendetsa chala pakhosi paja, nkhope yawo n'kuwala.

"Aa, bambo ako adinda? Ndiye kuti mwagwirizananso, Mulungu alemekezeke. Basi, sindifunsanso zambiri."

Ndinagwedeza mutu movomera. Bodza lake linali lomwelo, kugwedeza mutu basi, pakamwa osatsegula.

Patatha masabata atatu, masana dzuwa likuswa mtengo, Aphunzitsi ankatsika mtunda wina pochokera kusukulu. Tayala lakutsogolo linagunda dzenje. Khosi la chopa linathyoka pomwe ndinapala paja, tayala n'kupitirira lokha, iwo n'kugwa chagada pamsewu. Moyo unatsala, koma msana unathyoka. Madokotala anati sadzayendanso.

Apolisi atatola zidutswa za felemu anapeza kaphazi ka nkhuku. Anakawatenga Bambo m'galaja, makasitomala akuona. Anawatulutsa pa belo kudikira mlandu, koma mbiri inali itawanda kale. Anthu ankabwera kudzatenga njinga zawo chokankha, zina zisanathe n'komwe kukonzedwa. Ndinathamangira kwa Magalasi. Pashedi panali loko wamkulu, foni yake yozima. Mpaka lero sindinamuonenso.

Ndinadzitsekera m'kachipinda kaja masabata asanu ndi awiri. Palibe anandifunafuna. Munthu akagogoda kwa aneba, mtima unkadumpha kuti andipeza. Akapitirira, ndinkamva chisoni kuti ngakhale wondimanga palibe. Ndinkadziuza kuti Bambo ndi munthu wodziwika, awakhululukira. Ndinali wamantha, ndipo dzina lina la zimenezo palibe.

Tsiku lina masana chitseko changa chinagogodedwa. Anali Mayi, ataonda mpaka ndinachita kuwayang'ana kawiri. Ndinawapatsa matiresi kuti akhalepo, koma anakana.

"Apolisi atawaonetsa felemu ija, bambo ako anangoyang'ana kamodzi," anatero. "Msoko wopala. Iwo chiyambire ntchito sanapalepo msoko wapakhosi. Anadziwa pomwepo."

Ndinafunsa kuti, "Ndiye ananena?"

"Atawafunsa kuti chidindochi n'chanu, anati n'changa. Atawafunsa kuti anawotcherera ndani, anangokhala chete. Kunama sangathe, kukutchula sangathenso. Mlandu ndi Lachinayi. Ine sindinabwere kudzakukoka, Phuma. Ndangobwera kuti udziwe amene akukusenzera katunduyu."

Anatembenuka n'kumapita. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinawathamangira, koma ayi. Lolemba linadutsa, Lachiwiri linadutsa. Lachitatu ndinapita kuchipatala, ndinaima pakhomo la wodi osalowa. Aphunzitsi anali atagona chagada, akuyankhula ndi munthu wodzawaona.

"Miyendo ndaiiwala kale," ankatero. "Chondipweteka n'chakuti mmisiri wa pagalaja uja ndinkamukhulupirira kuposa m'bale wanga."

Kuchoka apo ndinalunjika kupolisi, ndinafotokoza zonse kuyambira pa chitini cha maluwa.

Anandigamula zaka zitatu. Mayi ankabwera mwezi uliwonse. Bambo sanabwerepo. Mayi ankati miyendo ikuwavuta, ine n'kuvomera, tonse tikudziwa kuti si miyendo. M'ndende anthu ndi ambiri, koma sindinakhalepo ndekha ngati mmenemo.

Nditatuluka ndinapeza galaja ili pululu. Pomwe pankaima njinga khumi panali ziwiri, fumbi lili mbuu. Bambo anali atakalamba zaka khumi m'zaka zitatu, manja akunjenjemera. Ndinagwada pasimenti.

"Bambo, ndinakulakwirani. Ndinakuberani dzina."



"Wafika," anatero. "Tsache lili kuseri kwa chitseko."

Ndinasesa mwezi wathunthu. Tinkadya pamodzi, tinkapemphera pamodzi, koma mawu pakati pathu anali owerengeka. Kenako m'mawa wina kunabwera akazi awo a Aphunzitsi, akukankha chikuku chopanda munthu, mpando wamatayala uja amayendera olumala. Paipi yapansi pa mpando inali itathyoka. Ine sanandipatse moni.

"Amisiri awiri alephera, ikungothyokanso," anauza Bambo. "Abambo akunyumba akuti ndibweretse kuno. Akuti anakuganizirani zoipa pachabe."

Bambo anatenga ndodo yowotcherera, koma inkavina m'manja mwawo. Anayesa kawiri. Kenako anatembenuka n'kundipatsa chigoba chotchingira maso.

Msoko wake unali wotalika ngati chala, koma unanditengera tsiku lonse. Ndinadula chitsulo cholimbitsa, ndinachilowetsa mkati mwa paipi, ndinawotcherera pang'onopang'ono kuzungulira. Gilayinda sindinaikhudze. Chitsulo chitazizira, Bambo anatenga hamala n'kuwerama, khutu pafupi. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Chinalira bwino, kulira koyera komwe ndinkakumva ndili mwana.

Dzanja lawo linapita lokha m'thumba la ovololo. Anatulutsa kachitsulo kaja, anakaika pambali pa msoko, anakweza hamala. Kenako anaima. Anakatembenuza pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kumapeto kwake. Kaphazi ka nkhuku kunalibe. Kunali kosalala, see, kopalidwa ndi gilayinda.

"Ndinaiwala," anatero motsitsa mawu. "Ndinachipala tsiku lomwe unakadzipereka. Chinanama kamodzi, ndipo munthu sakuyenda."

Anachibwezera m'thumba. Anandigwira paphewa, koyamba chibwerere.

"Msoko uli bwino, mwanawe."

Akazi a Aphunzitsi aja anakankha chikuku chawo n'kumapita. Msoko woyamba woona womwe ndinapanga pa moyo wanga unatuluka m'galaja wopanda chidindo, ndipo yonse yomwe ndapanga kuchokera tsiku lija imatuluka choncho. Bambo anandikhululukira, Mulungunso ndikukhulupirira kuti anandikhululukira. Koma Aphunzitsi akadali pachikuku, ndipo ndikakumana nawo pamsewu amayang'ana kumbali.

Achinyamata anzanga, ndikukuuzani ine amene ndinazichita. Wamkulu akakupalirani penti n'kukuonetsani mng'alu, musathawire kwa munthu wokuyamikirani. Khalani pomwepo muyambenso. Musabise ntchito yoipa kunsi kwa zonyezimira, chifukwa tsiku lina munthu adzaikwera. Ndipo dzina labwino la kholo lanu musalibe, ngakhale wina akuuzeni kuti mukungobwereka. Ine ndinabwereka la Bambo kwa ola limodzi Lamlungu m'mawa. Kachitsulo ndinakabwezera m'thumba tsiku lomwelo, koma dzinalo ndalephera kulibweza mpaka lero.