Pansi pa Mlatho Palibe Mwala

Konsitabo Elton Makina anakhoma chitseko cha ofesi ya polisi anthu a pamsika atagona kale. Ngakhale kwa ogulitsa kachasu nyali zinali zitazima. Anayang'ana njinga yake imene inatsamira pakhonde tayala litaphulika, anaitukwana, n'kuuyamba wapansi kulowera kunyumba imene ankachita lendi kutsidya kwa dambo, m'dera la Mkhumba. M'thumba la malaya munali lipoti lopinda bwino, loti kukacha akalipereke kwa akuluakulu ake ku boma.

Chinamuchedwetsa ndi lipotilo, ngakhale kunena zoona silinamutulutse thukuta. Elton anali mnyamata woyenerera yunifomu, katswiri popukuta nsapato, koma panali zinthu ziwiri zimene sankafuna kuziona: magazi ndi cholembera. Tsiku limenelo zonse ziwiri zinamupeza. M'mamawa anthu anapeza mtembo wa Julius Sitima pansi pa mlatho wa padambo. Elton anapitako ndithu, tisamunamizire. Anaima chapatali mpango uli pamphuno, anatukula pang'ono chitenje chimene anafunditsa mtembowo, ndipo ataona magazi ouma kumutu anachibwezera msangamsanga. Anauza achibale kuti anyamule maliro awo akaike mawa.

Masana kunabwera chikhamu cha anthu chikukhwekhwereza bambo wina dzina lake Goodman, atamufufumitsa kale nkhope. Patsogolo panali Aliness, mkazi wa malemuyo. Iye ananena misozi ili mbwembwembwe kuti Goodman, amene munda wake unagundana ndi wa kwawo, wakhala akusuntha malire chaka ndi chaka n'kumazula nandolo wawo, ndipo dzulo lake anakangana ndi Julius mpaka kulozana zala. Elton anamutsekera Goodman m'chitokosi kuti anthu asamumalize. Polowa, mkuluyo anacheukira Aliness n'kunena chapansipansi: "Ndikatuluka muno, watsala ndiwe."

Elton anamva bwinobwino. Koma kulemba mawu amenewo kukanabala ntchito: kufunsa mboni, kuyeza mabala, kujambula, kukaima m'khoti loya akukupanikiza ndi mafunso. Anachita ngati khutu lake linali kwina.

Pajatu sajeni amene anamulandira pa ntchito anamuphunzitsa njira yachidule. Ankati pansi pano palibe mlandu watsopano, lipoti lililonse linalembedwa kale. Pakona pa ofesi panali katoni ya mafayilo akale. Umangosankha lofanana ndi nkhani yako, kukopera, n'kusintha dzina ndi tsiku. Usikuwo Elton anafwanthula katoniyo n'kupeza lipoti la munthu wina amene anafera pansi pa mlatho womwewo zaka zammbuyo. Anaona ngati watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Anakopera mzere ndi mzere kuti malemu anali ataledzera, anaterereka pa mlatho, anamenyetsa mutu pa mwala, ndipo palibe woganiziridwa. Dzina lakalelo anangolidutsa ndi maso, n'kuikapo la Julius. Tsono lipotilo likafika ku boma, Goodman amasulidwa, Julius alowa m'manda ndi mabala ake osaonedwa, ndipo Aliness akagona m'nyumba ya chitseko cha bango, chigawenga chili kuseri kwa mpanda.

Zimenezo Elton sanafune kuziganiza. Ankayenda akuimba mluzu, mwezi ukuwalitsa njira pakati pa minda ya nandolo. Kutali kutsidya kunkamveka nyimbo za pamaliro a Julius, zikubwera ndi mphepo n'kumazimiririkanso. Atayamba kutsetserekera kudambo mpweya unazizira. Achule anali akusokosera ngati msika wa Loweruka.

Kenaka onse anangoti zii nthawi imodzi.

Mluzu unamuthera pakamwa. Anayatsa tochi ya pafoni. Inawala pang'ono, n'kuzima. Anaigwedeza, koma ayi ndithu. Anadziuza kuti iye ndi wapolisi, ndipo wapolisi saopa mdima.

Pa mlatho panakhala munthu.

Anakhala m'mphepete mwa matabwa, miyendo ikulendewera kumadzi. Anavala jekete lakuda lalikulu ndi chipewa chaubweya chofiira, manja atawabisa m'khwapa. Elton anatsokomola n'kufunsa ndi mawu a ntchito kuti ndani ameneyo ndipo akutani pamalo a ngozi usiku. Munthuyo anacheuka pang'onopang'ono. Anali bambo wa msinkhu wapakati, wa dzino lakutsogolo lobenthuka, ndipo Chichewa chake chinali chopendekera ku Chilomwe monga amayankhulira akuluakulu a kumeneko.

"Ndimadikira inu, bwana. Mwabwereka zinthu zanga osandipempha."

Elton anati sakumudziwa, ndipo apatuke iye adutse. Bamboyo sanasunthe. Anangopempha mwaulemu kuti a bwana amulozere mwala umene unapha munthu pamenepo, poti iye waufunafuna nthawi yaitali osaupeza.

Lipotilo analemba ali yekha, chitseko chili chotseka. Za mwala palibe anamuuzapo. Anabwerera phazi limodzi. Anabwereranso lina. Anatembenuka kuti aliyatse liwiro...

Dzanja linamugwira pamkono!

Linali lozizira ngati chitsulo chogona panja. Bambo uja, amene anali atakhala pakati pa mlatho, tsopano anali ataima pambali pake. Anamukoka kamodzi kokha. Elton anagubuduka pagombe, mabango akumucheka kumaso, n'kukagwa chafufumimba pansi pa mlatho. Asanadzuke, dzanja lija linamugwira pakhosi n'kumukanikiza nkhope pansi. Mchenga unalowa m'kamwa, m'mphuno, m'maso.

"Ufuneni mwalawo."

Anapalasa ndi zala. Mchenga. Anakwawira kutsogolo. Mchenga. Kumanja, matope. Kumanzere, mizu ya bango. Anakumba ngati galu mpaka zikhadabo zinatuluka magazi. Pansi pa mlathowo panalibe mwala ngakhale wolasira mbalame.

Dzanja linamuleka. Elton anakhala tsonga akulavula mchenga. Bamboyo anagwada patsogolo pake n'kupinda manja a jekete. Mwezi unawala pa mikono yake.

Inali yotemedwatemedwa kuyambira pachigongono mpaka m'manja! Mnofu unali utakanuka, fupa likuyera m'kati. Chala china chinkalendewera ndi kachikopa kokha. Magazi sankatuluka.

"Munthu woterereka amatchinga chikwanje ndi mikono, bwana?"

Elton anatembenuzira nkhope kumbali.

Bamboyo anavula chipewa n'kutembenuka. Kunkhongo kunali chibala chachitali, chowongoka ngati mzere wa m'munda, chotsetsereka kuchokera kumanzere. Anagwira dzanja la Elton n'kulowetsa zala zake m'balamo. Munali mozizira. Munali mchenga. Fupa linali lodulidwa mosalala.

"Mwala umatswanya. Ichi chadula. Lembani chimene maso anu aona, a bwana, osati chimene chikuthandizeni kugona msanga. Koma poti simukonda kuyang'ana, imvani ndi thupi."

Mabango anagwedezeka kumbuyo. Kunamveka mapazi. Wina akupuma mwawefuwefu. Elton anacheuka, osaona munthu, koma china chake chinang'anima m'mwamba. Anakweza mikono osadziwa.

Khaa!

Moto unayaka pamkono. Khaa! Mkono winawo. Anagwa chagada, n'kudzuka, n'kuthamanga. Chinamutema kuseri kwa bondo. Anagwada. Analira amayi ake, wapolisi wathunthu, mamina ali chuchuchu. Anamva mpweya wotentha pakhosi pake, fungo la thukuta ndi fodya wopichira. Anaona mthunzi pa mchenga, chikwanje chili m'dzanja lamanzere. Ndipo anakumbukira, mochedwa, dzanja lamanzere limene Goodman analandirira kapu ya madzi m'chitokosi madzulo aja.

Chikwanje chinatsikira kunkhongo...

Atatsegula maso achule anali atayambiranso kulira. Anali yekha. Anadzigwira kumutu, m'mikono, kumwendo, osapeza bala, koma ululu wake unali pomwepo ngati atemedwadi. Kumaso kokha ndi kumene kunali mikwingwirima ya mabango. Anapisa m'thumba. Lipoti lija linali litanyowa n'kusanduka phala, osawerengekanso chilembo n'chimodzi chomwe.

Anakwera gombe chokwawa. Pamphambano njira ya kunyumba kwake inali kumanja. Iye analowera kumanzere, akutsimphina, kutsata nyimbo.

Pamaliro amuna anali atazungulira moto panja, amayi akuimba m'nyumba ya siwa. Ataona wapolisi atadzola matope thupi lonse, chipewa palibe, nyimbo inadukira pakati. Elton anafunsa adzukulu ngati anali atasambitsa kale thupi. Iwo anati ayi, amadikira mbandakucha. Anawapempha kuti asalikhudze kufikira atabwera ndi a chipatala kudzaliyeza, ndipo pakali pano amubweretsere nyali, akufuna kuliona. Akuluakulu anang'ung'udza kuti maliro savundukulidwa usiku, nanga m'mawa muja maso anawasiya kuti? Funsolo linamulasa. Amene anadula nkhani ndi Aliness. Anatuluka m'nyumba n'kunena kuti mwamunayo ndi wake, amulole aone.

Ulendo uno Elton anachotsa chitenje chonse. Maso sanawachotse. Mikono ya Julius inali yotemedwa kuyambira pachigongono mpaka m'manja. Kuseri kwa bondo kunali bala. Atamutembenuza, kunkhongo kunali mzere uja, wowongoka, wotsetsereka kuchokera kumanzere. Pakamwa panalibe fungo la mowa.

Anapempha pepala. Mphunzitsi wina amene anabwera kudzagonera maliro anang'amba masamba m'kope lake. Elton anakhala pansi pafupi ndi nyali n'kuyamba kulemba ndi mutu wake, koyamba chilowereni ntchito. Analemba malo amene mtembo unapezeka, ndi kuti pamalopo pali mchenga ndi matope okhaokha. Bala lililonse analiyeza ndi kachingwe n'kulemba pamene lili, kutalika kwake, ndi mbali imene linachokera. Zimene anaona yekha anaziika padera, zimene anauzidwa anaziikanso padera pamodzi ndi dzina la wonena. Mawu amene Goodman ananena pakhomo la chitokosi anawalemba momwe anatulukira m'kamwa, n'kuonjezera kuti iye mwini anawamva. Manyazi anamugwira kwambiri poona kuti zonsezi akanazichita dzuwa likuswa mtengo.

Aliness anakhala chapafupi akumuyang'ana. Kenaka anafunsa chimene chawabweza a bwana usiku ngati uno, ndi amene wawachita zimenezo kumaso.

Elton anayamba wazengereza, kenaka anafotokoza kuti pa mlatho anakumana ndi bambo wina amene anamuonetsa kuti pansi pake palibe mwala. Sanamudziwe. Anali wa jekete lakuda lalikulu, chipewa chaubweya chofiira, dzino lakutsogolo lobenthuka.

Mayi wina wachikulire anadziphimba kumaso ndi chitenje. Aliness anatsamira khoma pang'onopang'ono.

"Chipewa chimenecho ndinaluka ndine," anatero motsitsa mawu. "Amenewo ndi achimwene anga, a Chikondwero Namakhwa. Ndiwo ankalimbana ndi Goodman yemweyu pa malire a munda wa amayi athu a Julius asanabwere pakhomo pano kudzandikwatira. Anawapeza pansi pa mlatho womwewo ine ndili namwali, ndipo lero mwana wanga woyamba ali ku sekondale. Apolisi analemba kuti anagwera pa mwala ataledzera. Munthu woti anali mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo chibadwire. Tinawaika ndi manyazi amenewo."

Cholembera chinagwa m'manja mwa Elton. Chikondwero Namakhwa. Dzinalo analiona usiku womwewo, pamwamba pa lipoti lakale la m'katoni, asanalichotse n'kuikapo la Julius.

Anayang'ana zala zake. M'zikhadabo munali mukadali mchenga wa m'bala lija. Panja mkulu wina anang'ung'udza yekha kuti mlandu suola.

Elton anatola cholembera chija n'kutembenukira kwa mphunzitsi.

"Aphunzitsi, ndipatseninso mapepala ena," anatero. "Malipoti ndi awiri."