Nthambi pa Mphambano ya Kamchere

Ng'ombe ziwiri zapangolo za Luwiza zitabedwa ku Mlonyeni, mapazi azo analoza kuphiri, cha kumalire a Zambia. Popanda ng'ombezo, mayi wamasiyeyu analibenso pogwira. Ananyamuka ndi alamu ake a Rabson, komanso a Benedict, mlenje amene njira zakale ankazitchula mayina ngati ana ake.

"Uno ndi Msewu wa Mtengatenga," anatero a Benedict akukupa udzu ndi chikwanje. "Makolo athu ankasenzera muno katundu wa azungu."

A Rabson ananong'oneza Luwiza: "Mlamu, munthu wodziwa tchire chonchi ndi amene amalondolera akuba." Kuyambira pamenepo Luwiza ankamuyang'ana cham'mbali mlenjeyo.

Masana kunagwa chimvula, mapazi onse n'kufufutika. Powoloka mtsinje madzi analekeza m'chiuno, ndipo mbatata zakamba zinapita nawo. Anafika pamphambano mimba zikulira, n'kupeza njira yakumanja yotsekedwa ndi nthambi ya msuku.

"Yotsekedwayi ndi Kamchere, ya ogula mchere. Inayi ndi Njira ya Matchona, opita kumigodi ankazembera muno." A Benedict anatola nthambiyo. "Masamba sanafote. Wotsogola amatseka njira imene sanadzere kuti mnzake wam'mbuyo asasochere. Nanga akubawa akudikira ndani?"

"Akutipusitsa!" anatero a Rabson msangamsanga. "Tilowe yotsekedwayo."

Luwiza anachita mantha. Mmodzi mwa awiriwa ankamunamiza, ndipo onse anali ndi zikwanje.

"Tidzera ya Matchona," anatero Luwiza, atakayikira phuma la a Rabson. "Alamu, tsogolani ndinu."

A Rabson anatsogola mokoka miyendo, thukuta kamukamu, chonsecho kunja kukuzizira. Atatulukira kudambo, ng'ombe zija zinali apo, zomangidwa pamtengo wa mkuyu. Bambo wina wachipewa anadzuka akuseka.

"Achimwene, mwachedwatu! Nthambi ija munaiona?"

Kenako anaona Luwiza akutuluka m'tchire, kuseka konse kunatha. Iye ndi a Rabson analiyatsa liwiro kulowera kutsidya kwa malire, osacheuka.

Kumudzi anabwerako awiri, ng'ombe patsogolo. Luwiza sanasangalale, mtima unkamuwawa kuposa tsiku lakubedwa. Esitere, mkazi wa a Rabson, anawachingamira ndi nthungululu, kenako anasuzumira kumbuyo kwawo.

"Nanga abambo akwathu ali kuti?"

"Ali moyo," anatero Luwiza, akumasula chingwe. "Koma musawasungire chakudya."